LinkedIn ndi maloboti osakasaka: mabatani ake amagwira, koma amamvera ndi maloboti aulemu okha

Ntchito yanga ndi yopezera makampani anthu oti awalembe ntchito, ndiye LinkedIn ndimakhalapo pafupifupi tsiku lonse. Zoti imathandiza kupeza ntchito ambiri ananena kale, ndipo sindikutsutsa. Ine ndikufuna kuiyeza pa mbali imodzi yokha, ya mphamvu zimene imakupatsani pa zomwe mlendo angaone za inu asanakupempheni. M'kuona kwanga, mabatani ake obisira zinthu ndi abwino ndipo amachitadi zimene amanena. Vuto ndi lakuti si onse obwera kudzawerenga pulofayilo yanu amene amawalemekeza.

Ambiri sadziwa kuti pa LinkedIn ali ndi mapulofayilo awiri. Ina ndi imene amaona anzanu amene alowa mu akaunti yawo. Inayo ndi yapoyera, imene aliyense angaione ngakhale alibe akaunti, ndipo imeneyi ndi imene maloboti a makina ofufuzira amabwera kudzawerenga. La Google dzina lake ndi Googlebot, la Microsoft ndi Bingbot. Ndi mapulogalamu chabe, oyenda usana ndi usiku kuchoka patsamba lina kupita pa lina, kukopera zimene apeza n'kukazisunga m'kaundula. Mukalemba dzina la munthu pa Google, makinawo sapita kukamusaka nthawi yomweyo. Amangotsegula kaundula uja. N'chifukwa chake ine ndikalandira CV, n'kulemba dzina la mwiniwake pamodzi ndi ntchito yake, kawirikawiri LinkedIn imatulukira pamwamba penipeni: nkhope, kumene amagwira, kumene anaphunzira. Zimene ndikuona inezo akuzionanso amene munasiyana naye moipa, amene akufuna kukuberani ponamizira kuti ndi bwana wanu, ndi wina aliyense wachidwi.

Batani lalikulu lili pa Settings & Privacy, kenako Visibility, kenako Edit your public profile. Apa ndiye pamene LinkedIn ndimaiyamikira kwambiri. Tsambalo limakuonetsani pulofayilo yanu momwe mlendo akuionera, ndipo mukazimitsa kanthu kamachoka pomwepo inu mukuona. Mukhoza kuzimitsa yonse ndi batani limodzi, kapena kusankha chimodzichimodzi: ntchito yapano, ntchito zakale, maphunziro, mawu ofotokoza za inu. Chithunzi chili ndi kasankhidwe kakekake, kuyambira pa anzanu olumikizana nawo okha, kufika pa mamembala onse, mpaka dziko lonse. Munthu sufunika kudziwa zakuya za kompyuta kuti umvetse, ndipo sulipira kalikonse.

Chimene chimandinyong'onya ndi kumwazikana kwa mabatani ena. Loti ndani aone imelo yanu lili pena. Loti munthu amene ali ndi nambala yanu ya foni akupezeni nayo lili pena. Ndiye palinso zimene mumalemba. Positi imene mwaiika kuti aione aliyense imatha kuoneka kunja kwa LinkedIn, ndipo kasankhidwe kake kali pa positiyo, osati pa tsamba lija. Munthu amazimitsa batani limodzi n'kumati wamaliza, pamene zitseko zina zitatu zikadali pululu. Kampani imene Microsoft inagula mu 2016 pa madola 26.2 biliyoni, yokhala ndi mamembala opitirira 1 biliyoni kuyambira mu 2023, sikanalephera kuika zonsezi pamalo amodzi ikanafuna.

Mukazimitsa musayembekezere kuti mawa dzina lanu lisowa pa Google. LinkedIn yokha imachenjeza kuti pangapite masabata kapena miyezi, chifukwa kaundula uja si wawo, ndipo amasintha pokhapokha loboti likabweranso n'kupeza kuti tsamba lasintha. Google ili ndi fomu yotchedwa Refresh Outdated Content, pamene mumaika adiresi ya tsambalo n'kupempha kuti akalionenso msanga. Ndinaigwiritsapo ntchito pothandiza mnzanga wina amene anasintha ntchito, ndipo inathandiza. Ilinso ndi china chotchedwa Results about you, chimene chinayamba mu 2022, chothandiza kupeza ndi kuchotsa pa zotsatira masamba oonetsa nambala ya foni, imelo kapena adiresi ya kunyumba, ngakhale sichipezeka m'mayiko onse. Koma dziwani kuti Google ikachotsa, yangochotsa njira yofikira kutsambalo. Tsamba lenilenilo likadalipo kwa mwini wake.

Tsopano pa nkhani ya maloboti aulemu. Webusaiti iliyonse ikhoza kuika kafayilo kotchedwa robots.txt, kouza maloboti pamene angalowe ndi pamene asalowe. Njirayi anaiyambitsa Martijn Koster mu 1994, ndipo inadzalembedwa mwadongosolo ngati muyezo mu 2022. Ka LinkedIn aliyense akhoza kukawerenga. Ndi kakatali ndithu: kamatchula maloboti ovomerezeka monga Googlebot ndi Bingbot, n'kuwapatsa malire, kenako kumapeto kamakaniza ena onse. Pamwamba pake analembapo chenjezo loti kulowa ndi loboti popanda chilolezo n'koletsedwa. Zonsezo n'zabwino, koma kafayiloka ndi pempho chabe. Loboti limene mwini wake alibe manyazi limangodutsa osakawerenga n'komwe.

Ndipo LinkedIn inayesetsa kuwaletsa, tisaiphere ufulu pamenepa. Mlandu umene ndimafuna aliyense wogwira ntchito ataudziwa ndi wa kampani ya ku San Francisco yotchedwa hiQ Labs. Kampaniyi inkakopera mapulofayilo apoyera a pa LinkedIn n'kupanga nawo zinthu zogulitsa kwa olemba anthu ntchito. China mwa izo, chotchedwa Keeper, chinkauza abwana kuti ndi antchito ati amene akuoneka kuti angachoke. Taganizani. Mwakonza pulofayilo yanu usiku mwakachetechete, mwaonjezera luso latsopano, mwasintha mawu a pansi pa dzina, ndiye makina kwinakwake akuwerenga n'kukauza bwana wanu kuti uyu mtima wake suli pano. Ine ndine wa ntchito yomweyi, ndipo ndikudziwa kuti bwana akamva zotere si nthawi zonse pamene amakukwezera malipiro kuti ukhale. Ena amangoyamba kusaka wolowa m'malo mwako.

Mu 2017 LinkedIn inalembera hiQ kalata yoti isiye. hiQ inathamangira kukhoti, ndipo khoti linalamula LinkedIn kuti isaitsekere. Mu 2019 khoti la apilo la Ninth Circuit linagwirizana ndi chigamulocho. Khoti Lalikulu la ku America linabweza nkhaniyo mu 2021 kuti aionenso, koma mu Epulo 2022 oweruza a apilo anabwereza zomwezo: kukopera zinthu zimene zili poyera, zosafuna pasiwedi, sikukuoneka kuti ndi kuswa lamulo la dzikolo loletsa kuthyola makompyuta. LinkedIn inadzapambana kumapeto kwa chaka chomwecho kudzera pa mfundo ina, yoti hiQ inaphwanya mgwirizano wa ogwiritsa ntchito webusaitiyo, ndipo nkhani inathera pa kugwirizana kuti hiQ ilipire madola 500,000 n'kusiya. Zaka zisanu za milandu, ndi maloya a kampani ya Microsoft, kuti aletse kampani imodzi yaing'ono imene inali ndi dzina ndi adiresi. Nanga amene alibe adiresi?

Amenewo tinawaona mu 2021. Mu Epulo munthu wina anaika pamsika wa akuba zambiri za mapulofayilo 500 miliyoni, ndipo mu Juni kunatulukanso mulu wa 700 miliyoni. LinkedIn inanena kuti palibe amene anathyola makina awo, izi zinali zokopera pa zimene zinali poyera kale, zophatikiza ndi zochokera kwina. Mwina n'zoona. Koma kwa munthu amene dzina lake, ntchito yake ndi imelo yake zili mu muluwo, kusiyana kumeneko sikumutonthoza. Batani lija mukalizimitsa lero limateteza za mawa basi. Madzi akatayika saoleka.

Ine ndinazionera pa webusaiti ina yogulitsa maina ndi manambala a anthu ogwira ntchito, imene sindinalembetseko chiyambire. Ndinapezapo dzina langa, udindo umene ndinausiya kalekale, ndi imelo ya kuntchito imene anaiganizira polumikiza dzina langa ndi la kampani, ndipo anaiganizira molondola. Kuti andichotse anafuna ndiwatsimikizire kuti ndine mwiniwake powapatsa imelo ina, kutanthauza kuti ndiwaonjezere zimene analibe. Anandichotsa, koma mawebusaiti otere ndi ambirimbiri ndipo amagulitsana okhaokha. Amene ali m'mayiko a European Union ali ndi podalira: kuyambira pa chigamulo cha mu Meyi 2014 pa mlandu wa Google Spain, ndi lamulo la GDPR loteteza zinsinsi za anthu, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, akhoza kulamula kuti zawo zichotsedwe. Kwina zimadalira lamulo la dziko lanu ndi chifundo cha mwini webusaiti.

Pali chinanso chimene sindingachilumphe, chifukwa chikukhudza LinkedIn yeniyeniyo. Mu Seputembala 2024 anthu anatulukira batani latsopano lotchedwa Data for Generative AI Improvement, lolola kampaniyo kuphunzitsira makina ake a AI zimene mamembala amalemba. Linabwera loyatsidwa kale. Panthawiyo a ku European Union sanakhudzidwe, ndipo ku United Kingdom anaimitsa kaye bungwe loona za chinsinsi cha anthu litadandaula. Batanilo lili pansi pa Data privacy ndipo limazimitsika, koma kampaniyo imanena yokha kuti kuzimitsa sikufafaniza zimene makinawo anaphunzira kale. Mwezi wotsatira bungwe la ku Ireland loteteza zinsinsi za anthu linailipiritsa chindapusa cha mayuro 310 miliyoni chifukwa cha mmene inkagwiritsira ntchito zambiri za mamembala posankha malonda oti awaonetse. Ndiye ikamalimbana ndi okopera, ine ndimaona kuti ikuteteza ife ndithu, komanso ikuteteza katundu wake, amene ndi ife tomwe.

Za mapasiwedi a LinkedIn amene anabedwa mu 2012, amene poyamba ankati ndi 6.5 miliyoni koma mu 2016 zinadziwika kuti ndi oposa 100 miliyoni, sinditayapo nthawi. Ngati akaunti yanu ndi yakale choncho, ikani imelo yanu pa Have I Been Pwned, webusaiti yaulere ya Troy Hunt, muone ngati ili m'gulu la zobedwazo.

Tinthu tiwiri ting'onoting'ono ndimatikonda. Private mode imakulolani kuona mapulofayilo a ena iwo osadziwa kuti ndi inu, ngakhale pa akaunti yaulere mumataya nawonso mwayi woona amene akuyenderani. Ndi kusinthana kwachilungamo. Open to Work, yodziwitsa kuti mukusaka ntchito, mukhoza kuiika kuti aione ndi ife olemba ntchito tokha, popanda kalemba kobiriwira kaja pachithunzi. LinkedIn imayesa kubisira a kampani yanu, ndipo imavomereza poyera kuti singalonjeze kuti sadzadziwa. Ndimakonda kuona mtima kumeneko. Ife a ntchitoyi timadziwana ndipo timacheza, choncho muitenge ngati nkhani imene ingathe kumveka.

Chimene chimandiwawa kwambiri sichichokera ku LinkedIn konse. Anthu osaka ntchito amatenga CV yonse n'kuiika ngati positi yapoyera, kupempha kuti anzawo aigawane. M'menemo muli tsiku lobadwa, adiresi ya kunyumba, nthawi zina nambala ya chiphaso, ndipo kumapeto maina ndi manambala a foni a anthu atatu okuchitirani umboni, amene sanavomere kuti aonekere kudziko lonse. Ndikumvetsa, ulova umapweteka ndipo munthu umagwira paliponse. Koma ine monga wosaka antchito sindifuna zonsezo kuti ndikupezeni. Ndimasaka ndi dzina la ntchito ndi luso, ndipo ndikakufunani ndimakulemberani uthenga pomwepo. Zinazo mudzanditumizira tikayamba kulankhulana. Amene amapindula ndi tsiku lanu lobadwa ndi adiresi ali pa ntchito ina.

Kodi muzimitse pulofayilo yapoyera? Ngati pali munthu amene mukumuthawa, kapena ntchito yanu ndi yoti anthu okwiya angakulondoleni nayo, zimitsani yonse lero, ndipo ganiziraninso za Hibernate, imene imagoneka akaunti popanda kuifafaniza. Ngati muli pa ntchito yokhazikika ndipo simukusaka makasitomala, simutaya zambiri mukazimitsa, chifukwa ife timasakira m'kati mwa LinkedIn momwemo ndipo timakuonanibe. Amene amafunikadi Google ndi odzilemba okha ntchito, amene kasitomala amayamba wafufuza dzina asanatumize ndalama. Yanga ndinaisiya yoyatsa pa chifukwa chomwecho, koma poyera pamaoneka dzina, mawu a pansi pa dzina ndi ntchito yapano basi. Chithunzi amachiona ndi mamembala okha, ndipo nambala ya foni sindinaiikemo. Nthawi ndi nthawi ndimatuluka mu akaunti, n'kutsegula windo lachinsinsi la msakatuli, n'kulemba dzina langa pa Google ndi pa Bing, chifukwa awiriwa sasintha kaundula wawo nthawi imodzi ndipo china chimatha kutsalira ndi zakale.