Canon EOS 2000D ndi foni yanga: ndinaziyesa pa chinkhoswe

Nditagula kamera ya Canon EOS 2000D yogwirapo kale ntchito, achimwene anapukusa mutu. "Foni yakoyo ili ndi ma megapixel 50, kamerayi 24 okha. Wangotaya ndalama iwe." Amanena za kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi. Sindinawayankhe, ndinadikira chinkhoswe cha achemwali ku Zomba.

Masana, pansi pa mtengo wa mango, foni inagwira ntchito yotamandika. Imajambula zithunzi zingapo nthawi imodzi n'kuziphatikiza, ndiye nkhope za pamthunzi zimawala koma thambo osayereratu. Pompo ndinatumiza pa WhatsApp kwa azakhali a ku Johannesburg.

Nkhani inasintha madzulo m'holo, nthawi ya perekaniperekani, mababu ali awiri okha. Agogo ananyamuka kukavina, chitenje atamanga m'chiuno, ine ndili cha kumbuyo. Ndinakoka chithunzi pa foni kuti ndiwayandikitse. Foni yopanda lenzi yoonera patali imangodula chithunzi n'kuchikulitsa, kenako n'kusalaza madontho a mdima, moti nkhope ya agogo inatuluka yosalala ngati mtsuko wokulungiza. Makwinya onse anafufutika. Pa kamera ndinali nditaikapo lenzi ya 50mm f/1.8, yomwe imalowetsa kuwala kochuluka. Pamenepo mpamene ndinawaona agogo enieni: imvi zosuzumira pansi pa duku, mikanda ya m'khosi yoti n'kuiwerenga umodzi umodzi, thukuta pamphumi, anthu a kumbuyo atazimiririka bwinobwino.

Chinsinsi chagona pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala. Ya kamerayi ndi mamilimita 22.3 kwa 14.9, pamene ya foni siposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Komanso ma megapixel 50 aja foni imawaphatikiza anayianayi, chithunzi chake n'kutsala ndi 12.5.

Kamerayi inatuluka mu 2018 ndipo ndi ya ongoyamba kumene. Imajambula zithunzi 3 pa sekondi, vidiyo yake siifika 4K (mlingo wapamwamba wa vidiyo), ndipo kuikoleka m'khosi tsiku lonse kumatopetsa. Amene zithunzi zanu zimathera pa Facebook, musavutike nayo. Koma ngati mumatsukitsa zithunzi zazikulu, kapena mumajambula m'tchalitchi ndi m'maholo amdima, igulireni limodzi ndi lenzi ya 50mm ija, musadalire ya 18-55mm yokha, imene nthawi zambiri imabwera ndi kamerayi.

Cha agogo chija tinatsukitsa pa A3, chili pabalaza kwa amayi. Achimwene ati ndiwabwereke kamerayi pa ukwati mu Disembala.