Ndinaitanitsa nkhono za Trochus, m'phukusi munadzaza nkhono za m'madzi ozizira

Ndapereka nyenyezi ziwiri, ndipo zonse ziwirizo ndi za nkhono, wogulitsayu palibe yake.

Thanki yanga ya madzi amchere yosungiramo makorali, zamoyo za m'nyanja zooneka ngati miyala kapena zomera, inali itachita ndere zabulauni pagalasi ndi pamiyala, zija zimavuta thanki ikadali yatsopano. Ndinaitanitsa kwa wogulitsayu phukusi la nkhono zoyeretsa thanki podya ndere. Mtengo wake si wa masewera, ndiye munthu umayembekezera kulandira zomwe analemba. Analemba Trochus. Nditatsegula, Trochus zenizeni, zija za chigoba chosongoka cha mizere yofiirira, zinali zowerengeka. Zina zinali nkhono za mtundu wa Astraea, ndipo zochuluka zinali za mtundu wa Margarita. Sanandiuze kuti asintha, ngakhale kapepala m'bokosi munalibe.

Amene mwasunga thanki ya m'nyanja kwa nthawi mukudziwa vuto lake. Margarita zimachokera kugombe lozizira la Pacific ku North America. Thanki ya makorali timaisunga pa madigiri 25 kapena 26, ndipo kutentha kumeneko nkhono zimenezi zimangofooka pang'onopang'ono mpaka kufa. Ndinazizoloweza madzi modontheza monga mwa masiku onse, muyeso wa mchere m'madzimo uli pa 1.025. Poyamba zinadya ndithu. Kenako zinayamba kugwa pagalasi, kumangogona pamchenga chitseko cha chigoba chili pululu. Ina inafera kuseri kwa mwala komwe dzanja silifika. Ndinachita kuphwasula miyala yomwe ndinaimanga movutikira, ndipo nditaitulutsa, fungo lake linadzaza nyumba yonse. Amene simunanunkhizepo nkhono ya m'nyanja yowola, musafune. Nkhanu zanga zija zokhala m'zigoba ndiye zinali paphwando.

Chandipsetsa mtima kwambiri ndi yankho lawo. Ndinawatumizira zithunzi, zigoba zitandandalikidwa pathebulo kuti aone okha. Mnyamata woyankha mauthengayo anangoti, "Bwana, nkhono zonse zimadya ndere chimodzimodzi. Mwina munathirapo mankhwala a mkuwa m'thankimo." Mkuwa? M'thanki momwe makorali akukula, nkhanu zikuyendayenda? Ukanakhalamo, zimenezo ndi zomwe zikanayamba kufa. Nditamufunsa ngati akudziwa kutentha kwa madzi omwe Margarita zimakhala, anandiuza kuti chitsimikizo chawo chimathera pa tsiku lolandira katundu, poti zinafika zamoyo. Inde zinafika zamoyo. Nkhono ya m'madzi ozizira siifa tsiku lomwelo, ndipo ndikukhulupirira kuti iwo akudziwa bwino zimenezi.

Astraea sindingaziderere, zimadya ndere mwakhama, kungoti ikagwa chagada pamchenga siitha kudzitembenuza. M'mawa uliwonse ndimayamba ndasuzumira kuti yagwa ndi iti, ndiitembenuze nkhanu zisanaipeze.

Koma chilungamo ndinene, Trochus zochepa zija zandidabwitsa. Zinafika zathanzi, zomangidwa bwino m'matumba, madzi osatayika. Zimayenda usiku, ndipo kukacha umaona tinjira tokhotakhota pagalasi pomwe zadutsa, ndere zitapalidwa kuti mbee. Galasi lakumbuyo lomwe ndinali nditalitaya mtima tsopano likuoneka. Ikagwa, imatambasula phazi, kugwedeza chigoba uku ndi uku, basi yadzuka yokha. Sizigwetsanso tizidutswa ta makorali monga zimachitira nkhono za Turbo zikuluzikulu zija zoyenda ngati thalakitala. Posachedwapa ndaona tinkhono ting'onoting'ono tosongoka pagalasi usiku, kusonyeza kuti zayamba kuswana, zomwe Trochus zimachitadi zikakhazikika. Ndere zazitali zonga tsitsi sizikuzilabadira kwenikweni, zimenezo ndimazula ndi manja.

Ngati mukufuna kugula kwa anthuwa, musatenge phukusi losakaniza. Tchulani mtundu womwe mukufuna, ndipo muwauze akutumizireni chithunzi asanamange katundu. Akakuuzani kuti nkhono za Nassarius nazonso zichotsa ndere, musamvere, zija zimakhala mumchenga kudikira zotsala za chakudya cha nsomba.

Ndalama za Margarita zija sanabweze. Akuti adzandichotsera pa oda yotsatira, ngati kuti ndinawauza kuti ndidzabweranso.