Ndemanga yanga pa kiti yotumizira data ndi LED yoyera: nyenyezi 4 pa 5

Ndineneretu, ngati mukufuna chinthu cholowa m'malo mwa Wi-Fi musagule kiti iyi, si ntchito yake. Koma ngati mukufuna kuona nokha chomwe chimachedwetsa babu yoyera potumiza data ndi zomwe mungachite kuti ifulumireko, apa ndiye mwafika, ine ndaigwiritsa ntchito kwa kanthawi ndithu ndipo sindikudandaula.

Mubokosi muli bolodi yotumizira yokhala ndi LED yoyera, ina yolandirira yokhala ndi photodiode (kachipangizo kosandutsa kuwala kukhala sigino ya magetsi), kalenzi, kagalasi ka buluu kosefera kuwala ndi mawaya a USB. Basi. Nyaliyo imasinthasintha mphamvu ya kuwala kwake kamamiliyoni pa sekondi imodzi, diso silingatole zimenezo, inu mumangoona getsi loyaka bwinobwino pomwe photodiode ija ikuwerenga. Ndi zija Harald Haas, yemwe panthawiyo anali pa University of Edinburgh, adazitcha Li-Fi pa msonkhano wa TED mu 2011, kungoti iyi ndi yophunzirira chabe.

Nkhani yonse yagona pa kagalasi ka buluu kaja, ndipo chimandiwawa nchakuti kabuku ka malangizo kangokatchula mzere umodzi wokha. LED yoyera yomwe timagwiritsa ntchito nthawi zambiri mkati mwake si yoyera ayi, ndi ya buluu, ya pafupifupi 450 nm (nm ndi muyezo wa utali wa funde la kuwala), ija Akasaki, Amano ndi Nakamura adalandira nayo Nobel mu 2014. Pamwamba pake amamatapo kaufa kotchedwa phosphor, ndiye phosphor ikamenyedwa ndi kuwala kwa buluu imatulutsa kwachikasu, ziwirizo zikasakanikirana maso athu amaona zoyera. Vuto ndi loti buluu amayaka ndi kuzima msangamsanga koma phosphor ndi yaulesi, imakhala ikunyekabe ngati khala la moto lawi litazima kale, nde ukati uthamangitse data chizindikiro china chimalowerera pa chinzake, cholandirira chija nkusokonezeka osadziwa kuti apa ndi 1 kapena 0. Nchifukwa chake bandwidth ya LED yotere, kutanthauza liwiro lomwe ingasinthire kuwala kwake, imathera cha pa 2 kapena 3 MHz (MHz imodzi ndi kamiliyoni pa sekondi). Mukaika kagalasi kutsogolo kwa photodiode kamatchinga chikasu chochedwacho nkungolola buluu yekha, bandwidth nkukwera kufika cha m'ma 10 mpaka 20 MHz kutengera ndi LED yake. Pa kiti iyi kusiyanako kumaonekeratu pa sikirini, popanda kagalasi ndikakweza liwiro mafunde amangophwanyika kukhala chizungulire chokhachokha, ndikakaika amaima bwinobwino m'mbali mwake chakuthwa. Ndinaseka ndekha kkkk.

Koma zaulere kulibe anzanga. Kagalasiko kamataya gawo lalikulu la kuwala ndiye sigino imafika yofooka, mtunda umafupika. Patebulo zimayenda bwino, ndikasuntha cholandirira kupita kumapeto kwa chipinda zolakwika zimachuluka mpaka ndiike kalenzi ndi kuloza mabolodi awiriwo molunjika ndithu. Apa muyenera kusankha nokha, liwiro kapena mtunda.

Chinanso chomwe ndachikonda ndi kaswichi ka equalizer pa bolodi yotumizira. Ndi ka resistor ndi capacitor chabe, kamachepetsa mphamvu ya ma frequency otsika kuti okwera omwe LED imawafooketsa asatsalire m'mbuyo. Kutsegula kokhako kumathandiza ngakhale kagalasi kulibe, koma mukaphatikiza zonse ziwiri ndi pomwe mumapeza liwiro lenileni la kitiyi. Sofutiweya yake imalolanso kusankha pakati pa kuyatsa ndi kuzimitsa wamba, komwe amati OOK, ndi OFDM yomwe ija ili mu Wi-Fi ndi 4G, yogawa data m'timigawo tambirimbiri kuti kalikonse kanyamule zomwe kangathe. OFDM imapambana, palibe mkangano, koma imafuna chidwi pa bias, kalenti yokhazikika yomwe LED imayakira, chifukwa kuwala sikungatsike kupitirira mdima, ukachepetsa kwambiri kalenti sigino imadulidwa pansi, ukakweza kwambiri imadulidwa pamwamba komanso LED imatentha. Ndipo imatenthadi eti, ka heatsink koziziritsira komwe adaika nkakang'ono, ikayaka nthawi yaitali liwiro limayamba kubwerera pansi pang'onopang'ono.

Zina ndi zodziwika kale. Mukadutsitsa dzanja pakati data imaima, khoma nde osanena, ngakhale ena amati ndiwo ubwino wake poti wakunja sangabe sigino yanu. Dzuwa likalowa pawindo nkumenya photodiode mwachindunji imakhuta osamvanso kanthu, kagalasi kamathandizako pang'ono koma kutseka katani ndi komwe kumagwira ntchito. Komanso kiti iyi imatumiza mbali imodzi yokha, zida zenizeni za Li-Fi pobweza data kuchokera ku laputopu zimagwiritsa ntchito infrared, kuwala kosaoneka ndi maso, kuti zisakuthobweni m'maso. Ndipotu muyezo wa Li-Fi wa IEEE 802.11bb womwe udavomerezedwa mu 2023 udasankha infrared ya 800 mpaka 1000 nm, kwa ine izi zikungoonetsa kuti phosphor ija ndi mutu waukulu ndithu, akatswiri enieniwo adangoilambalala. Njira ina yoilambalalira ndi LED ya RGB, yofiira yobiriwira ndi ya buluu, mtundu uliwonse nkunyamula data yakeyake, koma pa bolodi iyi palibe pomangira yotero, bwenzi zili bwino akadaika.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha zinthu ziwiri. Kabuku kaja nkosakwana, munthu woyamba kumene sangadziwe kuti bias aiike pati, ungotembenuza kakonobo mpaka mafunde aoneke bwino. Chachiwiri kagalasi ka buluu kalibe pokhazikira, chinthu chofunika kuposa zonse mubokosimo koma umachita kukamata ndi selotepi, kakapendekeka pang'ono kuwala kwachikasu kumazembera m'mbali ndiye zotsatira zimasinthasintha iwe nkumaganiza kuti bolodi yafa. Opanga kiti chonde ikanipo kafulemu kogwira kagalasiko, ndipo amene mukufuna kugula yesetsani mukhale ndi oscilloscope, chida choonetsa mafunde a sigino pa sikirini, pafupi chifukwa graph ya mu sofutiweya yawo imachedwa kusintha.