Senta yathu yatsopano ya masewera ndi magule: panja mpabwino, koma holo ikutentha

Anthu angapo akhala akundifunsa za senta ija anamanga kudera kwathu kuno ku Mangochi, ija ili ndi holo, koti ya netibo ndi kachipinda ka jimu, poti ine ndimaphunzitsa atsikana ntchembere mbaye pompo nde madzulo ambiri ndimakhala ndili pamenepo. Ndati ndilembe kamodzi aliyense awerenge, makamaka inu a makomiti a chitukuko a ma ADC ndi ma VDC amene mukuganiza zomanga yanu ndi ndalama za thumba la chitukuko la CDF kaya za mabungwe. Ine ndikuipatsa nyenyezi 3 pa 5, ndipo zitatuzo zonse zikuchokera panja, osati mkati.

Koti ndiye anaimanga bwino, apa ndiwayamikire ndi mtima wonse. Anayeza ndendende mamita 30.5 mulitali ndi 15.25 mulifupi, mapolo ake ndi a mamita 3.05 momwe zimafunikira, ndipo kunja kwa mzere anasiya malo okwanira moti mwana akathamangira mpira sakagwera mu ngalande kapena kukaomba khoma. Chinandisangalatsa kwambiri nchakuti anailozetsa kumpoto ndi kummwera. Ambiri saziganizira zimenezi, koma amene munasewerapo pa koti yoloza kuzambwe cha m'ma 4 koloko mukudziwa, shuta amaponya maso atatsinzina chifukwa dzuwa lili kumaso, nde timu imodzi imavutika kota yonse popanda chifukwa. Apa ayi. Mkati mwake anajambulamonso mizere yachikasu ya volebo, ija ya mamita 18 ndi 9, anyamata akabwera amangomanga neti basi gemu yayamba. Konkire yake si yoterera ngakhale mame atagwa.

Kumbali kwa koti kuli chisakasa chopanda makoma, mizati ndi denga lalitali basi, ndipo ndikukhulupirira kuti ndicho chinadya ndalama zochepa pa zonse zimene anamanga, koma pitani nthawi iliyonse mukapeza anthu. M'mawa amayi a banki m'khonde, masana madala ali pa bawo, madzulo ana akulemba homuweki podikira anzawo amalize tirening'i. Kuseri kwake kuli bwalo la dothi pansi pa mitengo ya mango, imene kontilakitala ankafuna kugwetsa koma mafumu ndi akuluakulu anakana, zikomo kwambiri madala athu. Gulu la beni limayeserera pomwepo, ndipo mukawaona atandandana mizere, wa wezulo ali kutsogolo, ng'oma zikulira fumbi lili koboo, mumadziwa kuti gule ameneyu safuna matailosi, amafuna dothi ndi malo oti anthu azungulire. Nthawi ya zinamwali manganje amatheranso pabwalo lomweli.

Tsopano holo. Apa mtima umandipweteka chifukwa ndi pamene panalowa ndalama zambiri. Denga ndi lalifupi, malata opanda siling'i, mawindo ang'onoang'ono agalasi ndipo ambiri ali mbali imodzi, nde mpweya ulowera kuti nkutulukira kuti? Kuno si ku Dedza kapena ku Mzuzu abale, mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupyola madigiri 35, ndipo mukalowa m'holomo masana muli ngati mu uvuni wa njerwa. Amayi amene ankapanga ma erobikisi m'menemo anasamukira ku chisakasa chija, wina anachita chizungulire mpaka kumuthira madzi. Anaika mafani inde, koma magetsi akathima mafaniwo ntchito yake palibe, komanso ngakhale akuzungulira amangotakasa mpweya wotentha womwewo. Zikuoneka kuti pulani anangoitenga kwina nkuibweretsa kuno osabwera kudzakhala pamalopo ngakhale masana amodzi. Chikhala anafunsa msodzi aliyense akanawauza kumene mwera umachokera, nkuika njerwa zamabowo mbali ziwiri zoyang'anizana, kukweza denga ndi kusiya mpata pamwamba kuti mpweya wotentha uzitulukira, zinthu zosadula nkomwe poyerekeza ndi magalasi aja.

Kufupika kwa denga kwaphanso masewera a mkati. Volebo imafuna mamita osachepera 7 kupita m'mwamba, apa mpira umangogunda mitanda, nde mvula ikamagwa tonse timangokhala. Phokoso nalo, makoma ndi pansi zonse ndi simenti yosalala, ng'oma ziwiri zokha zikalira mawu amabwererabwerera moti oimba sakumveka, a drama amachita kukuwa. Pakhomo anaikapo potsetsereka pa njinga za anzathu aulumali, zabwino ndithu, koma kukwera pa siteji ndi masitepe okhaokha, ngati kuti iwowo ntchito yawo nkuonerera basi.

Koma chimene chikundipweteka kuposa kutentha ndi nkhani ya posinthira zovala. Palibe. Kuli zimbudzi zokha, za amuna ndi za akazi mdadada umodzi, zitseko zonse zayang'ana kumsewu kumene a kabaza amaima. Mukudziwa kwathu kuno mabanja ambiri ndi achisilamu, ndipo kholo kuti lilole mwana wamkazi kubwera ku netibo timachita kupita pakhomo kukakambirana bwinobwino, nde mwanayo afike azikasinthira kuseri kwa holo anzake atamutchingira chitenje? Ndataya atsikana aluso kwambiri chifukwa cha chimenechi, mmodzi wosewera pakati (senta) wothamanga moti ndinkamuona akudzavala yunifolomu ya ma Queens tsiku lina, mayi ake anangoti mphunzitsi pepani mwana wakula uyu. Sindinawatsutse chifukwa ankanena zoona. Mpopi nawo uli kutali ndi koti, ana amabwera ndi zigubu kuchokera kunyumba, ndipo amene akufuna kuswali nthawi ikakwana alibe poti asambe m'manja ndi kumapazi.

Maziko anawakweza, zimenezo anaphunzirapo pa madzi a namondwe Freddy mu 2023, ndipo holo simalowa madzi, kungoti kanjira kochokera pageti kamasanduka dambo mvula ikagwa usiku umodzi. Sitolo yosungiramo katundu ilibe mashelefu, maneti ndi ng'oma zili pansi ndipo chiswe chayamba kale. Jimu ndi kachipinda kakang'ono, anyamata asanu akalowa kadzadza.

Woyang'anira pamalopo ndi munthu waulemu, amatsegula nthawi yake ndipo amasesa, ameneyo palibe chomunenera. Vuto ndi komiti, Loweruka lililonse la ukwati koti imasanduka poimika magalimoto, mafuta amadontha pa konkire ndipo ana amabwezedwa pageti. Ndikumvetsa kuti maukwati ndiwo amabweretsa ndalama yolipirira alonda, koma matani ndandanda pachitseko tidziwiretu, ndipo magalimoto aziima kunja kwa mpanda.

Ngati mukufuna kubuka holoyi pa ukwati kapena chinkhoswe, sankhani Juni kapena Julayi, miyezi ina mudzavutitsa alendo anu. A komiti, ine pempho langa ndi kachipinda kamodzi ka atsikana kokhala ndi chitseko chokiya, chosayang'ana kumsewu, ndi mpopi pafupi ndi koti. Makolo a timu yanga avomera kale kututa mchenga, inu mungopeza simenti ndi malata mvula isanayambe.