Musanandipemphe choimbira cha hi-res, imvani kaye izi

Achimwene anga a ku Area 25 akhala akundiumiriza kuti ndiwatumizire choimbira cha hi-res ngati changa, chifukwa anachiona pa WhatsApp. Hi-res ndi nyimbo zosungidwa pa mlingo woposa wa CD. Pafoni sakundimvetsa, ndiye ndalemba kuti nanunso amene muli ndi maganizo omwewo mudziwe zomwe ndinakumana nazo kuno ku Leicester, ku England.

Ndimasamalira okalamba, shifiti imodzi maola 12, ndipo ndikaweruka chondipumitsa ndi nyimbo basi. Nditasunga ndalama miyezi isanu ndinapita kusitolo ina ya zoimbira. Mnyamata wogulitsa anandikhazika pasofa n'kundiyatsira nyimbo, ndipo kunena zoona inamveka mpaka mumtima. Anati ndikagula ampulifaya ndi masipika awiri pa £620, kunyumba ndizikangolumikiza foni pa Bluetooth, hi-res izikamveka chimodzimodzi. Anandiwonjezeranso mawaya a £85, akuti popanda amenewo zinazo ndataya ndalama m'madzi. Ndinatulutsa £705 tsiku limodzi.

Chimene sanandiuze n'chakuti m'sitolomo nyimbo inkadutsa pawaya. Bluetooth ndi kanjira kopapatiza. Nyimbo ya mlingo wa CD imayenda pa 1,411 kbps (muyeso wa data yodutsa pa sekondi iliyonse), ya hi-res ya 24-bit/192 kHz isanapanikizidwe imaposa 9,000 kbps, pomwe Bluetooth wamba nthawi zambiri safika n'komwe pa 350, ndipo ngakhale Bluetooth wabwino wotchedwa LDAC amalekeza pa 990. Foni imayamba yaidula nyimboyo kuti ikwane. Miyezi inayi yathunthu ndinkamvera nyimbo yodulidwa ndikuganiza kuti ndi hi-res, ndipo mnyamata uja ankadziwa bwino lomwe.

Kampani yomwe ndinalembetsako kuti ndizimvera nyimbo pa intaneti nayo inati miyezi itatu ndi yaulere, koma khadi la kubanki inatengeratu. Mwezi wachinayi ndalama inangochoka, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti popeza ndinalembetsa kudzera m'foni, ndinkalipira mapaundi atatu owonjezera mwezi uliwonse poyerekeza ndi wolembetsa pakompyuta.

Nditabwerera kusitolo kuja anandionetsa timalemba ting'onoting'ono kuseri kwa risiti: katundu wotsegulidwa amadula 15 peresenti, kutanthauza £93, ndipo mawaya sabwezedwa chifukwa anadulidwa pa muyeso wanga. £93 ndi pafupifupi shifiti yathunthu yonyamula anthu ndi msana wangawu! Kuno ukagula chinthu m'sitolo chili chabwinobwino, lamulo silikakamiza wogulitsa kuchilandiranso. Ndinatuluka misozi ili m'maso.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wokonza mawailesi m'kashopu kakang'ono. Anati ampulifaya ndi masipika zilibe vuto, ndisabweze. Anandigulitsa kabokosi kakaunjika kotchedwa streamer, kokhala ndi DAC m'kati (kachipangizo kosandutsa nyimbo za digito kukhala mawu opita ku ampulifaya), pa £70. Kameneka kamatenga nyimbo kokha pa intaneti ya m'nyumba n'kuipereka ku ampulifaya kudzera pawaya, foni imangosankha nyimbo. Kenako anandiuza nditembenuke, n'kundiyatsira nyimbo imodzi kangapo, pena pa mlingo wa CD, pena pa hi-res, osandiuza. Sindinathe kusiyanitsa. Anati khutu la munthu limalekeza pafupifupi pa 20 kHz, ndipo CD imakwanitsa kale zimenezo. Anandilangizanso kuchotsa masipika pakona n'kuwakweza kuti alingane ndi makutu ndikakhala pansi. Zimenezi sanandilipiritse, koma ndi zomwe zinasintha kamvekedwe kuposa mawaya a £85 aja.

Tsono inu akumudzi, tiyeni tiuzane zoona. Kuno intaneti ya m'nyumba timalipira pamwezi ndipo siitha. Inu mumagula bandulo. Ola limodzi la nyimbo za mlingo wa CD limadya 300 MB kapena kuposa, la 24-bit/192 kHz limatha kupitirira 2 GB. Mudzatha bandulo ya mwezi wonse Loweruka limodzi, pa kusiyana komwe khutu lanu silidzakumva. Kulembetsako kumafuna khadi lolipira ndalama zakunja mwezi ndi mwezi, ndipo makampani ena a nyimbozi satsegula n'komwe ku Malawi. Masipika abwino ndi olemera, otumiza katundu amawerenga makilo, msonkho ukudikira pofika. Pulagi yathu ndi yofanana ndi ya kuno, ya mano atatu, mphamvu yakenso 230V, koma magetsi akathima n'kubwera mwamphamvu, ampulifaya yopanda chotetezera imapsa kamodzi n'kamodzi.

Komanso nyimbo zathu zakale zomwe mumazikonda, zambiri mumazilandira ngati MP3 yodutsa m'mafoni khumi. Palibe makina omwe angabwezeretse zomwe zinatayika m'menemo, ngakhale pabokosi patalembedwa hi-res ndi zilembo zagolide. Lekani kusirira zomwe mukuona pa status za anthu. Ambiri a ife zinthu zimenezi tikulipirabe ngongole.

Achimwene, choimbira sindikutumizirani. Wailesi yanu ija ili ndi polowetsa waya kumbuyo, ndinaiona nditabwera. Mlamu akamabwera mu December akutengerani fulashi ya 128 GB yodzaza nyimbo za FLAC (mafayilo osataya kalikonse m'nyimbo) zomwe ndagula, ka DAC kakang'ono kolumikiza kufoni, waya wake, ndi chotetezera magetsi. Chotetezeracho mulumikize choyamba, musanayatse china chilichonse.