Ryzen kapena Intel, RX 6600 kapena RTX 4060: kumanga kompyuta yamasewera ndi ndalama zochepa muno mu Lusaka

Mwezi watha mwana wa mlongo wanga, amene amakhala ku Chilenje, anabwera kunyumba ndi kapepala kodzaza mayina a zida. Wakhala akusunga ndalama kuyambira chaka chatha kuti amange kompyuta yosewerera EA Sports FC, Fortnite ndi GTA V pa sikilini ya 1080p. "Amalume, tandionereni ngati zili bwino," anatero. Mndandandawo anaukopera pa YouTube, kwa anthu okhala m'mayiko amene magetsi sathimathima. Zidazo zinalibe vuto, koma sanazisankhire nyumba ya kwathu kuno. Tinakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa tikuyerekeza chimodzichimodzi, ndipo funso limene ndinkabwerezabwereza linali lakuti: chimenechi chimakoka mawati angati?

Pa purosesa, ubongo wa kompyuta, sitinachedwepo. Zolimbirana malo ndi Ryzen 5 5600 ya AMD ndi Core i5-12400F ya Intel. Zonse ndi za 2022, zonse zili ndi ma core 6 ndi ma thread 12, ndipo zonse sizitulutsa chithunzi popanda graphics card, khadi lojambula zithunzi pa sikilini. Mukamasewera, diso silingasiyanitse kuti m'katimo muli iti. Kusiyana kuli pa bodi, pamene zida zonse zimalumikizidwa. Ryzen imeneyi imakhala pa soketi (malo oikapo purosesa) ya AM4, imene yakhalapo kuyambira 2016, choncho mabodi a B450 ndi B550 ogwiritsidwapo kale ntchito savuta kupeza, ndipo mawa thumba likalemerako mutha kuikapo Ryzen 7 5700X3D osasintha bodi kapena RAM. Ya Intel imafuna soketi ya LGA1700, pa bodi ya H610, B660 kapena B760, ndipo pogula muyenera kuonetsetsa ngati bodiyo ndi ya DDR4 kapena ya DDR5, chifukwa RAM ya mtundu wina silowa pa inzake. Ine ndimakondera Ryzen, koma ngati i5-12400F pamodzi ndi bodi yake zatsikirapo mtengo, tengani osaopa. Chenjezo ndi limodzi: B450 yakale imafuna BIOS (pulogalamu ya m'kati mwa bodi) yatsopano kuti izindikire 5600, ndiye wogulitsayo aiyatse inu mukuona.

Pali azibale awiri a 5600 amene mayina awo amasokoneza. Ryzen 5 5500 ndi yotsika mtengo, koma cache yake (memore yofulumira ya m'kati mwa purosesa) ndi 16MB pamene ya 5600 ndi 32MB, ndipo imalekera pa PCIe 3.0, njira yakale yolumikizira khadi. Ryzen 5 5600G nayo ili ndi 16MB, koma ili ndi graphics m'kati mwake. Imeneyi ndi ya munthu amene ndalama ya khadi sinakwane: amayamba kusewera Valorant ndi timasewera topepuka, khadi n'kudzagula pambuyo pake.

Pamene tinakanganadi ndi pa graphics card, pakuti apa ndi pamene pamapita ndalama yochuluka. Mnyamatayo mtima unali pa RTX 3060. Khadi limeneli ndi la 2021, lili ndi memore ya 12GB, ndipo limakoka mawati 170. RX 6600 ya AMD ndi ya chaka chomwecho, ili ndi 8GB, imakoka mawati 132, ndipo pa 1080p imatsalira pang'ono chabe kumbuyo kwa 3060, kawirikawiri pa mtengo wotsikirapo. RTX 4060 ya 2023 ili ndi 8GB, imathamanga kuposa awiriwo, koma imakoka mawati 115 okha. Makhadi a Nvidia, a RTX aja, ali ndi DLSS (njira yofulumizitsa masewera), amachita bwino pa ray tracing (kuonetsa kuwala ngati kwenikweni), ndipo ndi abwino kwa amene amaulutsa masewera ake pa intaneti kapena kukonza mavidiyo. Amene akungofuna kumenya mpira ndi anzake madzulo, zonsezo sazisowa kwenikweni, ndipo RX 6600 imamukwanira.

Mawatiwo musawaone ngati nambala chabe. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, mmene magetsi ankathimira kupitirira theka la tsiku, ndipo nyumba zambiri zinagula inveta ndi batire nthawi imeneyo. Batire la 12V 100Ah limasunga mphamvu pafupifupi 1,200Wh, koma ngati ndi la asidi simuyenera kulitsitsa kupitirira theka, apo ayi lifa msanga. Kompyuta yokoka mawati 250 pamodzi ndi sikilini imadya thekalo pa maola awiri okha, ndipo batire lomwelo ndi limene likuyatsa mababu, rauta ndi TV ya amayi pabalaza. Khadi losusuka limabweretsa mkangano m'nyumba.

N'chifukwa chake RX 580 ndimaikayikira, ngakhale ndi imene imakopa kwambiri anyamata chifukwa cha mtengo. Ndi ya 2017, ili ndi 8GB, koma imakoka mawati 185, kuposa RTX 4060 ndi mawati 70, pamene liwiro lake silifika n'komwe pa RX 6600. Kuwonjezera apo, ambiri mwa makhadi amenewa anagwira ntchito usana ndi usiku pokumba ndalama za pa intaneti, mpaka Ethereum itasiya njira imeneyo mu September 2022, m'pamene anakhuthulidwira pamsika. Ndinagwirapo limodzi pa kashopu kena m'tauni. Kunja linali lowala ngati latsopano. Nditazunguza fani ndi chala, inagwedera ngati gudumu la wilibala, ndipo pakati pa zitsulo zoziziritsira panali fumbi louma gwa. Titaliika mu kompyuta n'kuyatsa FurMark, pulogalamu yoyesera khadi poligwiritsa ntchito yolemetsa, pasanathe mphindi khumi pa sikilini panayamba kuoneka timadontho tobiriwira. Sikuti khadi lililonse lakale ndi lakufa, ayi, ambiri ndi amoyo ndithu. Koma musapereke ndalama musanaliyese, ndipo pulogalamu ya GPU-Z ikuuzeni dzina lake lenileni, chifukwa pali RX 580 ya 2048SP imene mphamvu yake ili ngati ya RX 570.

Misampha ina iwiri ndingoitchula. RTX 3060 ilipo ya 8GB, yofooka kuposa ya 12GB ngakhale dzina ndi limodzi. RX 6500 XT ili ndi 4GB yokha, imagwiritsa ntchito njira zinayi za PCIe, ndipo pa bodi ya PCIe 3.0 imabanika zedi. Imeneyi ilambalaleni.

Pa kapepala paja, power supply, kabokosi kogawira zida zonse magetsi, inalembedwa pansi penipeni, ndi ndalama yotsala. Apa ndinamuuza nkhani yanga. Zaka zingapo zapitazo ndinagula ina yopanda dzina lodziwika, yolembedwa 600W, yopepuka m'manja ngati chitini chopanda kanthu. Inagwira miyezi ingapo. Tsiku lina usiku magetsi atabwera mwadzidzidzi ndinamva phuu kuchipinda, kenako fungo la pulasitiki yopsa. Inapita pamodzi ndi bodi, ndipo ndinakhala miyezi inayi wopanda kompyuta. Mpaka lero zimandiwawa. Choncho poyerekeza ya 600W yosadziwika ndi ya 550W ya kampani ngati Corsair, Seasonic kapena Cooler Master, palibe choganizira kawiri: 550W yeniyeni imanyamula Ryzen 5 5600 ndi khadi lililonse mwa atatu aja (RTX 3060, RX 6600 ndi RTX 4060), malo n'kutsalako. Chizindikiro cha 80 Plus Bronze ndi chabwino, koma chimangonena za kusawononga magetsi, sichilonjeza chitetezo. Werengani pa bokosi ngati palembedwa OVP, OCP ndi SCP, zizindikiro za chitetezo magetsi akachuluka kapena akachita shoti, ndipo funsani za waranti.

UPS, kabokosi ka batire kosunga kompyuta yoyaka magetsi akathima, nayo imanamiza amene sadziwa. Nambala yaikulu yolembedwa kutsogolo ndi VA, osati mawati. Ya 650VA imapereka mawati osafika 400, ndipo ntchito yake ndi kukupatsani mphindi zochepa kuti muzimitse bwino, osati kumalizitsa masewera. Ngati muli kale ndi inveta ya pure sine wave, ndiyo imagwirizana bwino ndi ma power supply amakono.

Palinso njira ina yosiyaniratu, imene ndi yoyenera kuilemekeza: kugula Dell OptiPlex kapena HP yochokera m'maofesi akunja, zimene zadzaza m'mashopu a m'tauni, n'kuikamo RTX 3050 ya 6GB yaifupi. Khadi limeneli limakoka mawati 70 okha, kuchokera pa bodi pomwepo, osafuna chingwe china. Pa batire palibe yoiposa, ndipo mtengo wonse umatsika kwambiri. Kuipa kwake n'kwakuti mwadzitsekera m'khola: power supply ndi bodi za makina amenewa nthawi zambiri ndi zawozawo, simungasinthe ndi zogula pena. Mukasankha njirayi, purosesa ikhale Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 siivomereza mwalamulo yakale kuposa pamenepo.

Zotsalazo sizifuna mkangano. RAM ikhale 16GB ya DDR4-3200, timitengo tiwiri ta 8GB osati kamodzi ka 16GB, ndipo mukayatse XMP mu BIOS kuti ithamange pa liwiro lake. SSD ya NVMe ya 1TB ndi yabwino kuposa ya 500GB, pakuti masewera a masiku ano ena amapitirira 100GB, ndipo kufufuta n'kukoperanso kumadya bandulo. Pa kesi, mnyamatayo ankafuna ya galasi kutsogolo ndi magetsi amitundumitundu. Ndinamukumbutsa mphepo ya fumbi ya mu August ndi kutentha kwa mu October. Ya timabowo kutsogolo, yokhala ndi sefa yochotseka yoti n'kutsuka, ndiyo imapirira nyengo imeneyo, ndipo iziikidwa pa tebulo, osati pansi.

Tinamaliza ndi Ryzen 5 5600, bodi ya B550, RX 6600, RAM ya 16GB, SSD ya 1TB ndi power supply yatsopano ya 550W. Ndalama imene akanawonjezera pa RTX 3060 yapita ku UPS. RTX 4060 ikapezeka pa mtengo woyandikira, tidzasintha maganizo chifukwa cha mawati 115 aja. Loweruka likubwerali tikwera minibasi kupita m'tauni kukaona makhadi awiri amene wapeza, ndipo flash yokhala ndi FurMark ndi GPU-Z ili kale m'thumba la jekete langa.