Ndemanga yanga pa kosita yomwe masapota timachita hayala popita kumagemu akoyenda

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5, ndipo amene mukufuna galimoto yonyamula masapota a timu yamuligi yaying'ono werengani kaye musanalipire dipoziti kwina. Ife timu yathu imasewera muligi ya Chipiku ya chigawo chapakati, ndiye tikamati koyenda ndi Dedza, Kasungu, Mchinji, Salima, Mponela mpaka Dwangwa, ndipo sizoni yonse yapitayi tinkakwera Toyota Coaster imodzimodziyo, madala ake ndi omwe amayendetsa okha.

Chomwe chinandigwira mtima ndi choti adalaivawa amaudziwa mpira wamumaligi ang'ono kuti sumayenda ngati wa Super League. Gemu imalembedwa 2:30 koma mumafika mupeza oyimbira sanabwere, kapena ma layini sanathire laimu, nthawi zina pagilaundi pali msonkhano wa mpingo ndiye mudikire athe kaye. Ena omwe tinkakwera kale ikangokwana faifi ayamba kuliza hutala gemu ili mkati kuti tiyeni ine ndili ndi tiripi ina, zimawawa kwambiri kusiya anyamata akufunafuna chigoli chobweza inu muli pamsewu. Awa ayi. Amaimika galimoto pamthunzi, kutseka mawindo, kubwera kudzaima nafe pachingwe mpaka wezulo yomaliza, ndipo sanatiwonjezerepo ndalama ya kudikira ngakhale tsiku limodzi.

Ulendo wa ku Chitowe ku Dwangwa ndi umene ndinawayesera. Amene munadutsapo msewu wa M5 kuchoka pa Salima kulowera Nkhotakota mukudziwa maenje ake, ndi makilomita oposa 200 kuchoka mu Lilongwe ndiye tinanyamuka kusanache, ng'oma pamwamba, mbendera pawindo, azimayi a kumbuyo ayamba kale nyimbo tisanafike ndi pa Chezi pomwe. Madala aja sathamanga, ena ankadandaula kuti tichedwa koma tinafika minda ya nzimbe ija dzuwa lili pamutu, nthawi yodyera nsima ya usipa inapezeka. Gemu tinaluza 1-0, chigoli cha penati yokayikitsa, pobwerera mugalimoto munali zii ngati tikuchokera kumaliro, iwo anangotsitsa wailesi osanena kanthu, pa Nkhotakota anaima okha kuti amene akufuna nsomba ndi mpunga wa kunyumba agule. Munthu wotero ndi wosowa abale.

Mapepala a galimoto ali bwino, inshuwalansi, COF (pepala losonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) zonse, pa rodibuloko sitinakhalepo nthawi yaitali kupatula kuwerengedwa basi. Salola kupakira mopyola mipando, izi zinakwiyitsa anyamata ena omwe anazolowera kupanikizana koma ine ndikugwirizana nazo, tamva ngozi zambiri za masapota pamalole. Ndalama ya pa tologeti ya Kalinyeke popita ku Dedza mumalipira ndinu, afunseni poyamba kuti musakangane panjira. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba zomwe zimathandiza msungichuma wathu chifukwa anthu amasonkha pang'onopang'ono mkati mwa sabata.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zinthu ziwiri. Mipando yapakati yopinda ija yatha, siponji inaphwa ndipo wina ulibe chotsamira, wokhala pamenepo kupita ku Kasungu amatsika msana ukuwawa, tinawauza kangapo amangoti ndikonza ndikonza. China ndi mtengo, umasintha mochedwa kutiuza. Ndikumvetsa kuti kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023 zinthu zonse zinakwera, komanso nthawi yosowa dizilo ankagona pa filing'i siteshoni kuti ife tiyende, koma kutiuza Lachisanu usiku kuti onjezerani pomwe anthu asonkha kale ndi zovuta, masapota athu ambiri ndi akabaza, ogulitsa pamsika ndi ana asukulu, sangapeze ndalama usiku umodzi. Ulendo wa ku Mchinji anthu ena anatsala chifukwa cha zimenezi ndipo zinandikhudza.

Anthu amatifunsa kuti mukuvutikiranji ndi timu yoti ngakhale pawailesi saitchula. Mu 2024 Blue Eagles inali muligi yomweyi itatuluka mu Super League, ndipo inatenga chikho cha FDH Bank pogonjetsa Bullets pamapenati, ndiye mpira ulipo kunoko, osewera amangofuna kuona nkhope zakwawo akalowa pagilaundi yachilendo. Kapiteni wathu akationa tikutsika amabwera kudzagwira chanza aliyense asanakavale jezi.

Sizoni ikubwerayi tikwera yomweyi. Mukafuna kuchita hayala bukani sabata yathunthu isanafike gemu chifukwa Loweruka amalimbirana ndi aukwati, gwirizanani mtengo ndi zamafuta pa meseji kuti pakhale umboni, ndipo amene wapatsidwa mpando wapakati atenge kapilo.